Charlie Chaplin, Mmphawi wa Cipewa ndi Ndodo

M'zaka za 1920 mbusa wina wa ku America, dzina lace Ray Phillips, anayamba kuonetsa zithunzi zoyenda m'makomboni a migodi ya golidi ku Johannesburg, kumene amuna a mitundu yambiri, ena a iwo a kwathu kuno, analikugona pamodzi osamvana manenedwe. Zithunzizo zinalibe mau. Koma pakuoneka kamunthu kena ka tindebvu ta pansi pa mphuno, koyenda modzandira, onse anaseka pamodzi, namucha Sidakwa, ndiko kunena cidakwa. Munthuyo ndiye Charlie Chaplin. Ndipo tiyenera kufunsa cimene cinamdziwitsa kwa anthu osamva Cingelezi ndi pang'ono pomwe.

Anabadwa ku London m'caka ca 1889. Atate wace ndi amace anali oyimba m'nyumba za masewero. Atateyo ndiye anali cidakwa ceniceni: anasiya banja, namwalira mu 1901. Amace, a Hannah, mau ao oyimbira atatha, anayesa kulera ana ndi nchito yosoka, koma njala inawaposa mphamvu, ndipo pambuyo pace anadwala misala. Pokhala wa zaka 7, Charlie analowa ndi mkulu wace Sydney m'nyumba yosungiramo amphawi ku Lambeth, nalekanitsidwa ndi amao.

Mu 1908 analowa gulu la oseketsa la Fred Karno, kumene anachuka ndi kuyerekeza munthu woledzera. Gululo linamfikitsa ku America, ndipo pakutha pa 1913 analembedwa nchito ndi a Keystone, opanga zithunzi, pa madola 150 pa sabata. M'caka cotsatira anadzisankhira zobvala zimene dziko lonse linamdziwa nazo: buluku lalikulu lokhuthukira, jekete yothina, kacipewa kakang'ono, nsapato zazikulu zong'ambika, ndi kandodo ka nsungwi. Tapenyani bwino zobvalazo. Nza munthu amene alibe kanthu, koma akana kuoneka wonyozeka. Wapolisi amthamangitsa, mwini sitolo amponya kubwalo; iye anyamuka, asansa pfumbi, abvula cipewa mwaulemu monga mfumu. Tiyesa kuti apa ndi pamene amuna a m'makomboni anamzindikira, pakuti kukankhidwa ndi kapitao sikufuna womasulira.

Pofika 1916 malipiro ace anali madola 670,000 pa caka, koma cuma sicinamuiwalitse Lambeth. Mu 1921 anaturutsa cithunzi cochedwa The Kid, ca mmphawi wolera mwana wotayidwa. M'menemo akulu a boma adza kudzalanda mwanayo kuti apite naye ku nyumba ya ana amasiye, mwana natambasula manja alikulira pa galimoto. Chaplin anayamba nchitoyi mu 1919, atangoika m'manda mwana wace woyamba, amene anakhala ndi moyo masiku atatu okha. Mu The Gold Rush, ca 1925, njala ikula kufikira mmphawi aphika nsapato yace, naiika m'mbale mosamala, nadya zingwe zace, nanyambita misomali monga mafupa a nkhuku. Munthu amene sanagonepo ndi njala sakadadziwa kuseketsa nayo cotero.

Sitimuyesa wolungama ai. Maukwati ace awiri oyamba anali ndi atsikana aang'ono msinkhu, ndipo onse anatha ndi milandu.

Tsono mu 1927 kunaturuka The Jazz Singer, ndipo zithunzi zinayamba kulankhula. Ambiri a anzace nchito inawathera. Chaplin anaona bvuto lina: mmphawi wace akatsegula pakamwa, adzakhala Mngelezi, wosamvekanso kwa Mzulu, kwa Mjapani kapena kwa Mnyanja. Cifukwa cace anaumirira, popeza ndalama zopangira zithunzi zinali zace. City Lights, ca 1931, cinaturuka copanda kukambirana, ndipo anthu anadzaza nyumba kukaciona. Mu Modern Times, ca 1936, analola kuti mau a mmphawi amveke kamodzi kokha, koma, ha! anayimba nyimbo ya mau opeka, osakhala a mtundu uli wonse. Pamathero pace mmphawi agwirana dzanja ndi mtsikana mnzace waumphawi, nayenda pa mseu kunka kutali, ndipo sanaonekenso.

Chaplin mwini analankhula momveka mu 1940, m'cithunzi conyoza Hitler, The Great Dictator. Kulankhula kwace pa za ndale kunamdanitsa ndi ambiri ku America, amene anamnenera kuti akonda Cikomyunizimu. Ndipo mu 1952, ali pa nyanja kunka ku London, boma linafafaniza cilolezo cace cobwerera. Anakakhala ku Switzerland. Anapondanso ku America mu 1972, kukalandira ulemu kwa opanga zithunzi, namwalira pa tsiku la Krisimasi mu 1977, ali ndi zaka 88.