Msilikali wokonza zipangizo zamagetsi akapuma, angalowere kuti?

Pakati pa asilikali amene amavula yunifolomu chaka ndi chaka pali ena amene ntchito yawo yaikulu sinali kunyamula mfuti. Awa ndi amisiri okonza mawailesi olankhulirana, mabatire, majenereta, makompyuta ndi zipangizo zina zoyendera magetsi zimene gulu lankhondo limadalira usana ndi usiku. Ambiri mwa iwo amapuma akadali ndi mphamvu, ana ali pasukulu, ndipo funso limene limawasowetsa tulo ndi lakuti luso lawolo akaligulitsa kuti.

Msika wa luso limeneli ulipo m'dziko muno. Vuto ndi lakuti wolemba ntchito kunja kwa baraki safunsa kuti munthu anafika pa udindo wanji ku usilikali. Iye amafuna pepala limene akulidziwa, ndiponso kumva m'mawu osavuta zimene mmisiriyo angakonze. Msilikali amene wakonzekera zinthu ziwirizi asanapume ndiye amakhala patsogolo.

Luso limene amatuluka nalo

Gulu lankhondo la MDF lili ndi asilikali apamtunda m'mabaraki monga Kamuzu ku Lilongwe, Cobbe ku Zomba ndi Moyale ku Mzuzu, apamadzi ku Monkey Bay, komanso a ndege. Paliponse pamenepa pamafunika anthu osamalira zipangizo zolankhulirana. Kuyambira 2013, asilikali a dziko lino akhala akutumikira m'gulu lapadera la United Nations kum'mawa kwa dziko la DRC, kumene wailesi ikafa moyo wa anthu umakhala pachiswe.

Mmisiri wophunzira m'malo otere amadziwa kuwerenga zojambula zosonyeza mayendedwe a magetsi m'kati mwa chipangizo, kugwiritsa ntchito mita yoyezera magetsi, kuwotcherera timawaya, kuimika milongoti ndi kusaka pamene pali vuto mwandondomeko osati mongoyerekeza. Amazoloweranso kuyendera zipangizo pa nthawi yoikika zisanawonongeke ndi kulemba zonse zimene wachita. Makhalidwe amenewa ndiwo amasowa kwambiri pakati pa amisiri ongophunzira m'misika.

Makampani a mafoni ndi nyumba zoulutsira mawu

Njira yapafupi kwambiri kwa wokonza mawailesi ndi ya makampani a mafoni monga TNM ndi Airtel, pamodzi ndi makontilakitala amene amawasamalirira nsanja. Pansanja iliyonse pamakhala milongoti, mabatire, jenereta kapena mapanelo a sola, ndi makina otumizira mafunde ku nsanja ina. Zonsezi n'zofanana ndi zimene msilikali wa zamauthenga amakumana nazo kuthengo, ndipo iye saopa kuitanidwa pakati pa usiku kapena kukwera phiri nthawi ya dzinja.

Nyumba zoulutsira mawu monga MBC, mawailesi omwe si aboma ndi a m'madera zimafunanso anthu osamalira makina oulutsira. Bungwe la MACRA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mchaka cha 1998, ndilo limagawa ndi kuyang'anira mafunde a wailesi, ntchito imene imafuna anthu odziwa kuyeza mafundewo. Chimene msilikali ayenera kuonjezera pano ndi maphunziro a mawaya a fibre ndi kalumikizidwe ka makompyuta, chifukwa mauthenga ambiri masiku ano amadutsa pa intaneti.

Magetsi ndi mphamvu ya dzuwa

Kuyambira 2017, ntchito yopanga magetsi ili m'manja mwa EGENCO, pomwe ESCOM imanyamula ndi kugawa magetsiwo. Malo opangira magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire, komanso masiteshoni ogawira magetsi, ali ndi zipangizo zodzitetezera ndi zoyang'anira zimene zimafuna mmisiri wa dzanja losamala.

Mphamvu ya dzuwa yatsegula khomo lina. Malo opangira magetsi a dzuwa ku Salima, a mamegawati 60, anayamba kugwira ntchito mu 2021, ndipo a ku Golomoti m'boma la Dedza, a mamegawati 20 okhala ndi mabatire osungira magetsi, anatsatira mu 2022. Kupatula malo akuluakuluwa, m'makomo, m'masukulu, m'zipatala zazing'ono ndi m'minda yothirira muli mapanelo, mainveta ndi mapampu a sola amene amafuna woika ndi wokonza. Wozolowera kusamalira mabatire a mawailesi ankhondo sayamba ntchito imeneyi ngati mlendo.

Zipatala

Makina opangira mpweya wa okosijeni, ofunditsira ana obadwa masiku asanakwane, oyezera kugunda kwa mtima ndi ounikira m'thupi onse ndi zipangizo zamagetsi. Akawonongeka ndi kusowa wokonza, amangounjikidwa pakona odwala akuwafuna. Unduna wa zaumoyo uli ndi nthambi yosamalira katundu wa m'zipatala, ndipo zipatala za CHAM ndi zomwe si zaboma nazo zimalemba amisiri otere. Sukulu za ukachenjede za MUBAS ku Blantyre ndi MUST ku Thyolo zimaphunzitsa uinjiniya wa zipangizo zachipatala. Ntchito imeneyi imafuna maphunziro oonjezera, chifukwa chipangizo chokonzedwa molakwika chikhoza kupha wodwala.

Mabwalo a ndege ndi mafakitale

Pa mabwalo a ndege a Kamuzu ndi Chileka pali mawailesi olankhulirana ndi oyendetsa ndege, zipangizo zolondolera ndege potera ndi zoyezera nyengo. Amene anatumikira ku nthambi ya ndege ali ndi poyambira pabwino, ngakhale kuti malamulo a ndege zonyamula anthu wamba amafuna ziphaso zawozawo.

Mafakitale monga a shuga ku Nchalo ndi Dwangwa, a tiyi ku Thyolo ndi Mulanje, a simenti ndi a zakumwa amayendera makina olamulidwa ndi timakompyuta totchedwa PLC. Wodziwa kusaka vuto m'wailesi savutika kuphunzira makinawa. Mabanki nawo amafuna osamalira makina otengera ndalama, pomwe makampani achitetezo amafuna oika makamera, maalamu ndi mipanda yamagetsi.

Kudzilemba ntchito

Ena amasankha kutsegula malo awoawo okonzera mafoni, makanema, mainveta ndi makompyuta. Mpikisano m'matauni ndi waukulu, choncho phindu lenileni limakhala pa mapangano osamalira zipangizo za masukulu, mipingo, malo ogona alendo ndi maofesi. Kuti munthu apeze mapangano otere ayenera kulembetsa bizinesi yake kuboma, kutenga nambala ya msonkho ku MRA, ndipo ngati akufuna ntchito za boma, kulembetsanso ku PPDA. Ndi nzeru kuyamba pang'ono, osathira ndalama zonse zopumira pantchito mu bizinesi imene sinaonetse mutu wake.

Mapepala ofunika

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Satifiketi ya kosi ya ku usilikali ikhoza kukhala ya maphunziro ozama, koma woyang'anira zolemba anthu ntchito pakampani sadziwa kuti aiyerekeze ndi chiyani. Bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, lili ndi ndondomeko yoyesa ndi kuvomereza luso limene munthu analipeza kale pogwira ntchito, kuti asayambirenso maphunziro pachiyambi. Palinso mayeso a umisiri amene akhala akudziwika ndi magiredi 3, 2 ndi 1, komanso a City and Guilds. Makoleji aumisiri monga Soche, Lilongwe, Salima, Nasawa, Namitete, Mzuzu ndi Livingstonia ndi malo oyambira kufunsa.

Wofuna kulumikiza magetsi m'nyumba za anthu ayenera kukhala ndi chilolezo cha MERA, ngakhale atakhala ndi zaka makumi awiri akugwira mawaya. Wofuna kudziwika ngati katswiri wa zauinjiniya amalembetsa ku Malawi Engineering Institution. Kwa wolowera ku ntchito za intaneti, masatifiketi monga CCNA a kampani ya Cisco amadziwika m'mayiko ambiri.

Mmene mayiko ena amachitira

Mayiko ena anazindikira kuti kusintha kumeneku kumafuna mlatho. Ku United States, ndondomeko ya SkillBridge imalola msilikali kuthera masiku osapitirira 180 omaliza a usilikali wake akuphunzira ntchito pakampani, uku akulandirabe malipiro ake. Lamulo la GI Bill, lomwe linayamba mu 1944, limathandiza asilikali opuma kulipira maphunziro. Ku Britain, kumene Amalawi ena amalowa usilikali ngati nzika za Commonwealth, bungwe la Career Transition Partnership limathandiza otuluka kukonza CV ndi kupeza makosi asanachoke. Phunziro lake ndi limodzi: kukonzekera kumayamba munthu akadali m'yunifolomu.

Zochita asanapume

Zaka ziwiri kapena zitatu tsiku lopuma lisanafike, msilikali asonkhanitse masatifiketi a makosi onse, kuphatikizapo amene anachitira kunja, ndi kupempha akuluakulu ake kalata yofotokoza ntchito zimene wakhala akugwira. Alembe mayeso ovomerezeka akadali pamalipiro, chifukwa akapuma ndalama ya mayeso imalimbirana ndi ya ufa ndi fizi ya ana.

Polemba CV achotse mawu achidule a ku baraki. M'malo motchula dzina la gulu ndi udindo, anene kuti ankakonza mawailesi a VHF ndi HF, ankasamalira majenereta ndi mabatire, ndipo ankayang'anira amisiri angati. Akumbukirenso kuti zinsinsi za usilikali sizitha tsiku lopuma. Akhoza kufotokoza luso lake popanda kuulula mafunde, malo kapena ndondomeko za gulu lankhondo.

Pomaliza, afunse amene anatsogola. Anzake amene anapuma kale ndi mabungwe a asilikali akale monga VELOM amadziwa makomo amene amatseguka ndi amene amangotayitsa nthawi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo kwa mmisiri wa yunifolomu, nthawi yabwino yofunsa ndi pamene dzina lake likadali m'kaundula wa baraki.