Mawaya a buleki ndi giya ya otomatiki pamtsetse wa Chiweta

Galimoto zambiri zimene Amalawi amaitanitsa ku Japan zimatsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowa m'dziko muno pachipata cha Songwe ku Karonga. Mayeso oyamba aakulu zimakumana nawo m'boma la Rumphi, pamene msewu wa M1 umasiyana ndi nyanja pa Chiweta n'kuyamba kukwera phiri mokhotakhota kulowera ku Phwezi ndi Mzuzu. Zochuluka mwa galimotozi ndi za giya ya otomatiki, ndipo m'galimoto yotere buleki ndi giyabokosi zimalumikizana ndi mawaya amene eni ake ambiri sadziwa n'komwe kuti alipo.

Pamwamba pa chopondera buleki pali kaswichi kamene kamayatsa magetsi ofiira a kumbuyo. Kaswichi komweko ndi kamene kamamasula loko wa chogwirira giya, n'chifukwa chake giya sichoka pa P dalaivala asanaponde buleki. Fyuzi ya magetsi a buleki ikapsa, giya imakanirira pa P. Apa ndi pamene ena amalakwitsa: amapinda kawaya n'kukalowetsa m'malo mwa fyuzi. Fyuzi imapsa pofuna kuteteza waya amene wakhuza chitsulo penapake. Ikachotsedwa, amapsa ndi wayayo, nthawi zina pamodzi ndi galimoto. Choyenera ndi kufufuza pamene waya wasupuka, kenako kuika fyuzi ya nambala yofanana ndi yoyambayo. Pongofuna kusuntha galimoto, zambiri za ku Japan zili ndi kabatani kolembedwa Shift Lock pambali pa chogwirira giya.

Swichi yachiwiri ili pagiyabokosi penipeni. Ntchito yake ndi kukaniza injini kulira pokhapokha giya ili pa P kapena pa N. Ikafa, makaniko wothamangira ndalama amangolumikiza mawaya ake awiri, galimoto n'kulira, mwini wake n'kuthokoza. Kuyambira tsikulo galimotoyo ingathe kulira giya ili pa D n'kudumphira kutsogolo, kaya pali khoma kaya pali mwana.

Pali chipangizo china chotchedwa transbrake chimene achinyamata okonda galimoto zaliwiro amachiona pa YouTube. Kwawo kwenikweni ndi ku America, m'mipikisano yothamanga mtunda woongoka wa mamita 402, ndipo chimaikidwa kawirikawiri m'magiyabokosi a Powerglide ndi TH400 a kampani ya General Motors. Dalaivala akadina batani, solenoid imatsegula njira ya oyilo kuti giya yoyamba ndi ya livesi zigwire nthawi imodzi. Ziwirizo zimakanganirana, galimoto imaima nji ngakhale injini ikulira mwamphamvu. Batani likasiyidwa, livesi imamasuka ndipo galimoto imafwamphuka.

Mawaya ake safuna zachidule. Magetsi a mavoti 12 amatengedwa kudzera pafyuzi yoikidwa pafupi ndi batire, n'kudutsa pa relay, kuti batani lisanyamule mphamvu yonse yopita ku solenoid. Batanilo liyenera kukhala lobwerera lokha chala chikachoka, osati swichi yokhala poyatsa. Ambiri amaonjezera swichi ina yaikulu yozimitsiratu dongosolo lonse. Waya amadutsa kutali ndi paipi ya utsi, ndipo pobowola chitsulo pamaikidwa labala. Kusamala konseku n'chifukwa chakuti waya wosupuka akapereka magetsi galimoto ili paliwiro, livesi imagwira mwadzidzidzi: matayala a kumbuyo amauma kapena giyabokosi imasweka. Ngakhale galimoto itaima, batani sagwira nthawi yaitali chifukwa oyilo amatentha msanga.

Dzinalo lisapusitse munthu. Transbrake siichepetsa liwiro, ndipo magiyabokosi ambiri amene aikidwa chipangizochi amataya mphamvu yogwira galimoto ndi injini, yomwe ndiyo yofunika kwambiri pa Chiweta.

Potsetsereka kulowera kunyanja, galimoto yosiyidwa pa D imasankha giya yapamwamba ndipo katundu yense amatsalira mabuleki. Akapondedwa mosalekeza amatentha, ndipo kutenthako kumafika kumafuta a buleki. Mafuta a DOT 3 atsopano amawira pamadigiri osachepera 205, koma akamwa chinyezi angawire pafupi ndi 140. A DOT 4 ndi 230 ndi 155. Akawira, chopondera chimangolowa pansi osagwira kanthu. Choncho giya itsitsidwe mtsetse usanayambe: pa 2 kapena L, ndipo m'galimoto za CVT monga Vitz ndi Sienta, pa S kapena B. Injini imalira mokweza, koma imeneyo ndiyo ntchito yake. Kutsetsereka giya ili pa N pofuna kupulumutsa mafuta ndi kugula ngozi pamtengo wotsika.

Msewu wa Gorodi, wochoka pa Chitimba kukwera ku Livingstonia, ndi wouma mtima kuposa pamenepa, pokhala ndi makona akuthwa pafupifupi 20 pamtunda wa makilomita 15. Woima pamalo otere ayambe wakoka handibuleki phazi lili pabuleki, kenako aike giya pa P. Chimene chimagwira galimoto pa P ndi kadzino kamodzi kachitsulo m'giyabokosi, ndipo kakasenza kulemera konse kwa galimoto pamtsetse, chogwirira giya chimavuta kuchotsa ponyamuka.