Mbiri ya Mawu Akuti "Kilo" ndi "Mili"

Lero tikambirane za mawu awiri amene mumawamva pa sikelo ya kumsika, ndiponso amalembedwa pa wailesi ndi pa zipangizo zina za magetsi: "kilo" ndi "mili". Kodi anachokera kuti?

Chiyambi chake ndi madandaulo a alimi. M'dziko la France, chisanafike chaka cha 1789, dera lililonse linali ndi miyeso yakeyake. Eni nthaka ndiwo ankasunga chotengera choyesera tirigu wa msonkho, ndipo alimi ankadandaula kuti ena mwa iwo ankachikuza mwakabisira. Mlimi analibe pogwira.

Zinthu zitasintha m'dzikomo, boma linapempha akatswiri kuti apeze muyeso woti munthu sangathe kuukuza kapena kuuchepetsa. Mu 1791 anagwirizana zoyesa dziko lapansi lenilenilo. Mtunda wochokera kumapeto kwa dziko kumpoto kufika pa Equator anati augawe magawo 10,000,000, ndipo gawo limodzi likhale mita. Kuti adziwe kutalika kwake, amuna awiri, Delambre ndi Méchain, anayesa mtunda wa pakati pa Dunkirk ndi Barcelona kuyambira 1792 mpaka 1798. Kilogalamu anati ikhale kulemera kwa lita imodzi ya madzi.

Lamulo la 1795 ndilo linakhazikitsa mawu athu aja. "Kilo" ndi wa Chigiriki, ndipo atanthauza 1,000. "Senti" ndi "mili" ndi a Chilatini: senti ndi gawo limodzi mwa 100, mili ndi gawo limodzi mwa 1,000. Tsono kilomita ndi mamita 1,000, ndipo mililita ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a lita.

Poyamba anthu anakana, pakuti chizolowezi sichitha msanga. Mu 1812 Napoleon analola mayina akale kubwerera m'misika, koma kuyambira 1840 lamulo linalimba. Mu 1875 mayiko 17 anasaina pangano la mita ku Paris.

Magetsi atayamba kufala, akatswiri anakumananso ku Paris mu 1881, navomereza miyeso ya volt, ampere ndi ohm, imene inatchedwa ndi mayina a Volta, Ampère ndi Ohm. Mawu aja sanawataye ayi. Batire ya tochi ili ndi 1.5 volt, miliampere ndi gawo limodzi mwa 1,000 a ampere, kilowatt ndi mawatt 1,000. "Mega" ndi 1,000,000. Pothawa kulemba maziro ambiri, akatswiri amalemba 10 ndi kanambala pamwamba kowerenga maziro: 10³ ndi 1,000, ndipo 10⁶ ndi 1,000,000.

Tsono tiyeni tiyeseze. Thumba la feteleza la makilogalamu 50 ndi magalamu 50,000. Thumba lakale la chimanga la mapaundi 200 lipitirira pang'ono makilogalamu 90. Theka la kilo ndi magalamu 500, osati 50; ziro mmodzi yekha angakudyereni phindu la chaka.

Inu mafumu, pamene mwasonkhanitsa anthu pabwalo, akumbutseni zimenezi. Ndowa zimasiyana kukula, koma kilogalamu ndi imodzi konsekonse. Mlimi asagulitse mbewu zake asanaone yekha nambala ya pa sikelo, ndipo ayambe waona kuti sikeloyo ili pa ziro thumba lisanakwezedwe. Tsalani bwino.