Kuunika zolembedwa pa fomu ya pa intaneti

Kuunika fomu ndi ntchito imene pulogalamu imagwira poona ngati zimene munthu walemba m'mipata ya fomu zili m'dongosolo, isanazilandire. Ikapeza polakwika imabweza fomuyo pamodzi ndi uthenga wonena pamene paphonyeka. Mlendo wotera pa bwalo la ndege la Chileka kawirikawiri amakhala atakumana nayo kale ntchitoyi, pakuti kuyambira mu 2019 viza ya Malawi imafunsiridwa pa intaneti. Naye wamalonda wa pa Lirangwe amaidziwa mwa njira ina: pogula mayunitsi a ESCOM pa Mpamba kapena Airtel Money, nambala ya mita ikaperewera malondawo sapitirira.

Kuunikaku kumachitika pawiri. Koyamba ndi m'foni kapena m'kompyuta ya wolembayo, asanatumize kanthu. HTML5, imene bungwe la W3C lidaivomereza mu 2014, imalola wopanga fomu kulamula kuti mpata wakuti usasiyidwe wopanda kanthu, wina ulandire manambala okha, wina imelo. Ubwino wake ndi wakuti yankho limabwera pompo ndipo bandulo siitha. Kachiwiri ndi pa seva imene imalandira fomuyo, ndipo chitetezo chenicheni chili kumeneko, popeza wachinyengo akhoza kulambalala kuunika kwa m'foni.

Manambala ena amadzilondera okha. Nambala yomaliza pa khadi ya Visa kapena Mastercard imawerengeredwa kuchokera ku anzake onse, mwa njira imene adapeka Hans Peter Luhn wa ku IBM m'zaka za m'ma 1950; ukaphonya nambala imodzi, masamu sagwirizana. Mizere iwiri ya m'munsi mwa tsamba la chithunzi la pasipoti, uliwonse wa zilembo ndi manambala 44, nayonso ili ndi manambala olondera otere.

Pamene pamavuta ndi pa maina. Mafomu ambiri amalamula kuti dzina likhale la zilembo zokha, ndiye a Ng'ambi, a Ng'oma ndi a M'bwana amauzidwa kuti dzina lawo ndi lolakwika, chonsecho cholakwika ndi fomuyo. Chiyambi cha kuopa nkhodolero ya m'maina otere n'chodziwika: m'chilankhulo cha SQL, chimene chimasunga ndi kufufuza zolembedwa, nkhodolero imatsegula ndi kutseka mawu, ndipo akuba amaigwiritsa ntchito kulowetsa malamulo awoawo. Mankhwala ake ndi kutumiza zolemba za munthu padera ndi malamulo a pulogalamu, osati kuthamangitsa nkhodolero. Malamulo a bungwe la ICAO nawo amaichotsa m'mizere ya m'munsi mwa pasipoti, kotero Ng'oma amasanduka NGOMA: chida choimbira chasanduka nyama ya m'tchire. Pamenepo palibe vuto, bola pulogalamu yofananitsa tikiti ndi pasipoti idziwe kuti munthuyo ndi mmodzi. Chilembo cha ŵ, cha m'mawu akuti Malaŵi, chimakanidwanso m'mapulogalamu amene sadamangidwe pa Unicode.

Nambala ya foni imalembedwa m'njira ziwiri: manambala 10 oyamba ndi ziro, monga 088 ya TNM kapena 099 ya Airtel, kapenanso +265 kutsogolo ziro atachotsedwa. Fomu yabwino imalandira zonsezi n'kuzikonza yokha. Keyala ndi nkhani ina. Munthu wa kumudzi amadziwika ndi mudzi wake, mfumu yaikulu ndi boma, nthawi zina bokosi la sukulu kapena la tchalitchi. Fomu yokakamira dzina la msewu ndi nambala ya nyumba imangomuphunzitsa kunama.

Za uthenga wonena polakwika, malangizo a WCAG 2.0 a mu 2008 amati mpata wolakwika utchulidwe ndipo cholakwikacho chifotokozedwe m'mawu. Utoto wofiira pawokha sukwanira, chifukwa ena sasiyanitsa mitundu, ndipo osaona amadalira pulogalamu yowawerengera mokweza. Uthenga uime pafupi ndi mpatawo ndi kunena chochita, monga wakuti, "Nambala ya foni ikhale ya manambala 10, mwalemba 9." Ambiri mwa mauthengawa amabwera m'Chingerezi chaukatswiri, n'chifukwa chake anthu amangoti "yakana" kapena "ndi netiweki" n'kupita kwa ejenti kukalipira kuti awalembere. Choipitsitsa ndi fomu imene imafufuta zonse chifukwa cha mpata umodzi, munthu n'kuyambiranso pa dzina, batire ili pa 5 peresenti.