Gofu, akalulu ndi madambo athu



Sabata yatha mnyamata wina wa Fomu 3, amene anaona bwalo la Lilongwe Golf Club atapita m'tauni, anandifunsa ngati masewera a gofu anayambitsidwa ndi anthu olemera. Ndinamuyankha kuti ayi, koma belu linalira ndisanamalize. Yankho lonse ndi ili.

Gofu anakulira ku Scotland, kwawo kwa David Livingstone. Ankaseweredwa pa malo amchenga a m'mphepete mwa nyanja yamchere, amene eni ake amawatcha links. Malowa sankalimika, choncho anali a aliyense: abusa ankadyetsapo nkhosa, amayi ankayanikapo zovala, anyamata ankasewerapo. Kusewera gofu pamenepo n'kovuta mpaka lero. Mitengo yotchinga mphepo palibe, nthaka ndi yolimba komanso yazitundazitunda moti mpira umanjanja kulowera kumene sunautume, ndipo maenje ena amchenga ndi akuya kuposa msinkhu wa munthu. Komabe anthu wamba anamukonda gofuyu, moti mu 1457, nthawi ya Mfumu James II, analetsedwa pamodzi ndi mpira wamiyendo chifukwa amuna ankanyalanyaza kuphunzira kuponya mivi.

Bwalo lotchuka kwambiri la mtunduwu lili m'tauni ya St Andrews. Mu 1552, kalata ya Archbishop John Hamilton inatsimikiza ufulu wa anthu a m'tauniyo wosewera pamalopo. Mu 1764 maenje ake anachepetsedwa kuchoka pa 22 kufika pa 18, chiwerengero chimene mabwalo a dziko lonse anadzatengera.

Tsono mu 1797 khonsolo ya tauniyo, itamira m'ngongole, inagulitsa malowo, ndipo anagwera m'manja mwa oweta akalulu. Akalulu anayamba kukumba bwalo, osewera anayamba kuwapha, milandu inakafika kukhoti. Mkanganowo unatha mu 1821 pamene James Cheape, munthu wokonda gofu, anagula malowo. Koma tauni inadzawatenganso mu 1894. Taonani: kugulitsa kunatenga tsiku limodzi, kubweza kunatenga zaka 97. Lero, pafupifupi Lamlungu lililonse, gofu saseweredwa pa bwalo lakalelo. Anthu amangoyendapo ndi ana awo.

Kuno gofu anafika ndi atsamunda, m'makalabu ngati Blantyre Sports Club imene inayamba mu 1896. Masewera obadwira pa malo a aliyense anafika kwathu atatsekeredwa mumpanda, Mmalawi ntchito yake ili kunyamula ndodo za bwana. N'chifukwa chake mwana wa ku Msundwe amaganiza kuti gofu ndi wa olemera.

Ine chimene chikundidetsa nkhawa si gofu ayi, koma dambo. Tili ana tinkadyetsa ng'ombe kudambo, kuumba ng'ombe zadothi ndi kumenya mpira wachikulunga popanda wotifunsa. Lero dambo lomwelo ladzaza madimba ndi nkhuti za njerwa, ndipo abusa amazungulira mtunda wautali kufuna msipu. Sindikunyoza wolima dimba, njala siinamizika. Koma mudzi umafunika malo amene si a munthu mmodzi.

Inu ophunzira anga akale, ena mwa inu tsopano ndinu nduna za mafumu, ena makhansala. Akabwera munthu ndi ndalama kufuna dambo kapena bwalo la sukulu, mudzakumbukire zaka 97 za ku St Andrews musanadinde chala.