Kutitimira kwa nthaka pamene paipi yadutsa pansi osakumba ngalande

Pofuna kudutsitsa paipi ya madzi kapena zingwe za intaneti pansi pa msewu wa tala, njanji kapena mtsinje, masiku ano sikuti nthawi zonse amakumba ngalande. Makina amaima tsidya lino n'kuboola una wopingasa pansi, kenako paipi imakokedwa kudzera mu unawo. Pamwamba pamaoneka bwinobwino, koma nthaka ikhoza kutitimira pambuyo pake.

Gwero la vutoli ndi kukula kwa una. Kuti paipi ilowe mosavuta, una umakulitsidwa kuposa paipiyo: ya masentimita 30 ikhoza kufuna una wa masentimita 45. Mpata wotsalawo umadzaza phala la dongo lotchedwa bentonite. Phalalo likafwamphuka kapena likachepa, dothi la pamwamba limatsikira mumpatamo, ndipo pamtunda pamaoneka kachigwa kotsata mzere wa paipi. Mumchenga izi zimachitika msanga. M'makande zikhoza kutenga miyezi, n'kudzaonekera mvula itayamba mu Novembala kapena Disembala, oboola atachoka kalekale. Paipi yosazama ndiyo imavuta kwambiri. Phala likapopedwa mwamphamvu mopitirira, nthaka imatukumuka, matope n'kutumphukira m'munda.

Ngati nyumba yanu ili pafupi ndi mzere wotere, jambulani makoma ndi foni ntchito isanayambe, chifukwa popanda chithunzi n'kovuta kutsimikizira kuti mng'alu ndi watsopano. Mukaona madzi akudikha pamene kale sankadikhapo, musadutsepo ndi ngolo kapena thirakitala, ndipo musafotsere nokha. Dziwitsani amfumu ndi eni ntchitoyo kuti adzaone malowo asanasinthe.