Za Nthomba, ndi Umo Inathera pa Dziko Lapansi

Akuru ambiri m'midzi mwathu ali ndi cipsera cobulungira pamkono, pafupi ndi phewa. Ndipo ana akawafunsa za ico, ayankha kuti, Nkatemera wa nthomba. Koma anawo sadziwa nthomba, pakuti sanaione ndi kale lonse, ndi cipsera ali naco iwo nca katemera wina, wa cifuwa cacikuru. Cifukwa cace tayesa nkwabwino kulemba pano mbiri ya nthenda iyi, imene makolo athu anaiopa monga anaopa nkhondo ndi njala.

Nthomba inayamba ndi kutentha ndi kuphwanya kwa thupi. Atapita masiku owerengeka zinabuka zotupa zodzala mafinya pankhope, m'manja ndi kumapazi. Mwa anthu 10 ogwidwa ndi nthomba yaukali anafa ngati 3, ndipo opulumuka anatsala ndi nkhope ya zipsera, ena nacita khungu. Sinaopa mpando wacifumu: Louis XV, mfumu ya France, anafa nayo caka ca 1774.

Tisayese kuti nzeru ya kutemera inayamba ndi Azungu. Kale lomwe ku India, ku Turkey ndi m'maiko ena a Africa anthu anatenga mafinya pang'ono a wodwala, nawapaka m'mphini pa munthu wolimba, kuti adwale pang'ono, asadzagwidwenso. Ku Boston, m'dziko la America, mbusa wina, Cotton Mather, anamva ici kwa kapolo wace wa ku Africa, dzina lace Onesimus. Pamene nthomba inagwa m'mudzimo caka ca 1721, mbusayo anakopa sing'anga Zabdiel Boylston kuti ayese. Iye anatemera anthu oposa 240, nafa 6 okha. Koma mwa anthu pafupifupi 6,000 amene nthenda inawagwira yokha anafa 844. Ngakhale zinatero, anthu anapsa mtima, ndi wina anaponya bomba m'nyumba ya mbusayo.

Njira imeneyo inali ndi coopsa cace, popeza wotemeredwa anakhoza kupatsa anzace nthomba yeniyeni. Amene anacotsa coopsaco ndiye Edward Jenner, sing'anga wa kumidzi ku England. Iye anamva kuti akazi okama ng'ombe, akatenga zironda zazing'ono za pamawere a ng'ombe, nthomba siiwagwira. Tsono pa 14 May 1796 anatemera mnyamata wa zaka 8, James Phipps, ndi mafinya a zironda zotere. Ndipo pomuyesa bwino lace ndi nthomba yeniyeni, mnyamatayo sanadwala.

Apa pali cotizizwitsa. Mankhwala anapezeka 1796, koma nthomba inakhalabe zaka zina 180. Caka ca 1967 inali cikhalire m'maiko 31, ndi kugwira anthu oposa 10 miliyoni pa caka. Cinabvuta nciani? Katemera anaonongeka ndi dzuwa asanafike kumidzi yakutali. Ndiponso dziko lina likatemera anthu ace, dziko linzace osatemera, nthenda inabweranso ndi apaulendo, pakuti nthomba siidziwa malire a boma.

Caka ca 1958 Viktor Zhdanov wa ku Soviet Union anapempha msonkhano wa WHO, ndilo bungwe la maiko loyang'anira za umoyo, kuti maiko onse agwirizane kuithetsa. Anabvomera 1959, koma nchito inayenda mwaulesi kufikira 1967, pamene anaikapo ndalama, naipereka m'manja mwa D. A. Henderson wa ku America. Masiku amenewo America ndi Soviet Union anali paudani waukuru, koma pa nchito iyi anasenza mtolo umodzi. Panali tsopano katemera wouma wosaopa kutentha, ndi singano yamphanda imene munthu wamba anaphunzira kutemera nayo tsiku limodzi.

Koma cimene tifuna owerenga athu acisunge cinacitika kum'mawa kwa Nigeria, December 1966. Kumeneko kunali sing'anga wa misyoni, William Foege. Nthomba inabuka m'dera la Ogoja, ndipo katemera anali naye sanakwanira anthu onse. Madzulo analankhula pa wailesi ndi amisyoni anzace, nawapempha kuti yense atume amithenga m'midzi yomzinga, afunse kumene kuli odwala. Mau atabwera, anatemera a m'midzi yomweyo, ndi a kumene odwala anali ndi abale, ndi a kumisika kumene anazolowera kumka. Nthenda inazima, cinkana anthu ambiri a m'deralo anali osatemeredwa. Ife akumudzi sitidabwa naco, pakuti moto ukabuka kuthengo sitithira madzi thengo lonse, koma tilambula mouzinga kuti usowe udzu.

Njira iyi inafalikira m'maiko ena, ndipo mphamvu yace inali pa munthu woulula. Ku India anchito anayenda khomo ndi khomo ndi cithunzi ca mwana wa nthomba, boma nilipatsa mphotho yense wonena kumene kuli wodwala, popeza ambiri anabisa odwala ao m'nyumba. Sitibisa kuti pena anchito anathyola zitseko usiku ndi kutemera anthu mowakakamiza. Cimeneco siticitama, ngakhale cinacitika pofuna kupulumutsa.

Womariza kugwidwa ndi nthomba yaukali m'midzi anali mwana wamkazi wa ku Bangladesh, Rahima Banu, caka ca 1975, ndipo anacira. Pa 8 May 1980 msonkhano wa WHO unalengeza kuti nthomba yatha pa dziko lonse; kacirombo kace kanatsala kotsekeredwa m'nyumba za oyesa mankhwala, ndipo ndi kacirombo kotere anafa nako mkazi wina ku Birmingham caka ca 1978.

Munthu wotsiriza kuitenga kwa mnzace m'njira ya masiku onse anali Ali Maow Maalin, wophika pa cipatala ca ku Merca, m'dziko la Somalia, mwezi wa October 1977. Iye anabvomera yekha pambuyo pace kuti anazemba katemera poopa kuwawa kwa singano. Atacira anadzagwira nchito ya kutemera ana poliyo, nayenda m'midzi ya kwao ndi kuuza akukana mbiri ya iye mwini. Anafa ndi malungo caka ca 2013, ali pa nchito yomweyo.